Timipira ta nyama totsekemera ndi towawa: mafunso ndi mayankho kwa okonza phwando

Nyengo ya maukwati ikafika, kapena Khirisimasi ndi Eid zikayandikira, mafunso amene ophika a kuno ku Salima amafunsa za timipira ta nyama amakhala omwewo chaka ndi chaka. Anzathu a ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa nawonso amafunsa zomwezo. Ndawaika pamodzi, kuyambira a munthu amene sanaumbepo kampira n'kamodzi komwe mpaka a amene anayesa zinthu n'kumukanika. Miyeso yonse ndi ya kilo imodzi ya nyama. Kapu ndi ya mamililita 250, ndipo supuni ndi yosalaza pamwamba, osati yaphiri.

Kodi chakudya chimenechi n'chotani, ndipo chimaperekedwa nthawi yanji?

Ndi nyama yogaya yosakaniza ndi buledi, mazira ndi zokometsera, youmbidwa timipira ting'onoting'ono. Nyamayo ikapsa imakunkhunizidwa mu msuzi wokhuthala wa shuga, tsabola ndi chowawasa mpaka kampira kalikonse katakutidwa n'kumanyezimira. Si ndiwo ya nsima. Msuzi wake ndi wochepa dala, umamatirira pa nyama moti palibe chosunsira. Mlendo amabaya kampira ndi kamtengo kotokosera m'mano n'kudya, kaya ali chiimire kaya ali pampando.

Nthawi yake ndi ija alendo afika koma mpunga ukadali pamoto: pa chinkhoswe anthu akudikira akuchimuna, pa bridal shower mlangizi woyamba asanaimirire, pa phwando la kuntchito abwana asanalankhule. Aliyense amene anapitako ku mwambo wolembedwa 1 koloko n'kudzayamba cha m'ma 3 akudziwa ntchito ya kachakudya kogwiriziza m'mimba.

Ndigule nyama yanji?

Ya ng'ombe ndiyo yosavuta kuyambira. Musasankhe mnofu wofiira wokhawokha, chifukwa ukapsa umauma n'kulimba. Pa kilo imodzi, magalamu 150 mpaka 200 akhale mafuta. Nyama ya pakhosi, paphewa ndi pachidale imabwera kale ndi mafuta otere.

Ya mbuzi, yomwe sisowa m'misika ya kuno, imakoma kwambiri ndi msuzi wa bwemba. Vuto lake ndi limodzi: mafuta a mbuzi amaundana msanga akazizira ndipo amamatirira m'kamwa. Chotsaniko ena musanagaye, onjezerani jinja, ndipo timipira ta mbuzi tizipita patebulo tili totentha.

Sankhani nthuli nokha, m'mawa, ndipo wabutchala agaye inu mukuona. Yogayiratu ija simudziwa kuti yakhala maola angati, pomwe nyama yogaya imawonongeka msanga kuposa nthuli yathunthu. Mukachoka kubutchala pitani kunyumba. Kukagula matimati ndi kukacheza kwa alamu, nyama ili m'jumbo pa dzuwa la kunyanja kuno, zimenezo chitani musanagule.

Kubutchala kwathu kulibe makina ogayira. Nditani?

Mpeni wakuthwa ndi thabwa zikwanira. Chotsani mitsempha yoyera ndi kachikopa kopyapyala kaja, dulani nyama timizere, kenako tizidutswa, ndiye muziitematema mukuisonkhanitsa pakati mpaka itasalala mokwanira kuumbika. Nyama yozizira kwambiri imaduka bwino kuposa yofunda. Kilo imodzi kapena ziwiri n'zotheka. Makilo khumi funani makina.

Ena amasinja mu mtondo. Zimatheka, koma nyama yosinja imasanduka phala ndipo timipira take timalimba potafuna. Mtondo wa mtengo umamwanso madzi a nyama yaiwisi, choncho uyenera kutsukidwa ndi madzi otentha ndi sopo n'kuyanikidwa padzuwa musanasinjiremo nsinjiro.

Pa kilo imodzi ya nyama ndithire chiyani?

Masilayisi anayi a buledi wogona, ochotsa khungu la m'mbali, onyikidwa mu theka la kapu ya mkaka mpaka atafewa. Mazira awiri. Anyezi mmodzi wapakati, wopala kapena wodula mosalala kwambiri. Tizidutswa tinayi ta adyo ndi kachidutswa ka jinja, zosinja. Masupuni aang'ono awiri a mchere, ndi theka la supuni yaing'ono ya tsabola wakuda. Amene amakonda kale kapena paprika athire supuni yaing'ono imodzi, osapitirira, chifukwa msuzi nawo ukubwera ndi kakomedwe kake.

Yambani kusakaniza zonse kupatula nyama, buledi asungunuke bwinobwino. Kenako thirani nyama n'kusakaniza ndi manja otsuka mpaka zonse zitagwirana n'kuyamba kumatirira ku zala. Zikafika apo lekani. Musanaumbe, kazingani kachidutswa kamodzi mulawe mchere. Yaiwisi musalawe.

Buledi wonyika mu mkaka ndi wa chiyani? Si njira yongochulukitsira nyama?

Amachulukitsadi pang'ono, ndipo palibe wokonza phwando amene angadandaule nazo, koma ntchito yake yeniyeni ndi ina. Nyama ikamapsa imakhwinyata n'kufinya madzi ake kunja. Buledi wonyowa amalowa pakati pa tizidutswa ta nyama, amatiletsa kugwirana mothina, ndipo amasunga madzi aja m'kati. N'chifukwa chake kampira kokhala ndi buledi kamafewa pomwe ka nyama yokhayokha kamakhala gwa.

Mkaka ukasowa nyikani m'madzi. Buledi akasowa, mpunga wophika wotsala dzulo, theka la kapu, wophwanya ndi foloko, umagwira ntchito. A ku Nkhotakota amafunsa kawirikawiri za ufa wa chinangwa. Umamanga bwino, koma amene amadya kondowole akudziwa mmene ufa umenewu umatamukira. Masupuni aakulu awiri pa kilo ndi okwana, ndipo ukhale wosefa bwino, wosanunkha kwambiri mtsuko wovundikira. Ufa woyera wa chimanga sindiulimbikitsa: sumanga, ndipo umasiya timiyala m'kamwa.

Ndikuyembekezera alendo 50. Ndigule nyama yochuluka bwanji?

Kilo imodzi pamodzi ndi zosakaniza zake imatulutsa timipira 40 mpaka 45. Ngati chakudya chenicheni chikubwera pambuyo, werengerani tinayi pa munthu. Alendo 50 ndi timipira 200, ndiye makilo asanu. Ngati phwando lonse ndi la tizakudya ting'onoting'ono, samusa, mandasi ndi zakumwa basi, werengerani 6 mpaka 8 pa munthu.

Ndipo kumbukirani kuti kwathu kuno khadi la munthu mmodzi limabwera ndi anthu atatu. Kilo imodzi yapadera siinapwetekepo munthu.

Kampira kakhale kakakulu bwanji?

Ngati suku: kolowa m'kamwa kamodzi kapena kawiri. Pano pokha supuni yaikulu ikhale yaphiri, magalamu 25 mpaka 30. Chofunika n'chakuti tonse tifanane, kuti tipsere limodzi. Nyowetsani manja ndi madzi kapena timafuta, viringani mopepuka osafinya, n'kumayala pa thireyi. Ngati firiji ilipo, thireyiyo ikhalemo mphindi 30 musanaphike.

Ndikazinge, ndiotche mu uvuni, kapena ndingoponya mu msuzi?

Musaponye taiwisi mu msuzi wa shuga. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo mavuto atatu mwa amene ali m'munsimu amachokera pomwepa. Shuga amapserera msanga, pomwe nyama imafuna nthawi kuti ipse mpaka pakati. Mukaphika zonse pamodzi, mwina msuzi upserera nyama ikadali yofiira, mwina muthira madzi ambiri kuti usapserere n'kutsala ndi supu. Nyama ipse payokha, msuzi upse pawokha, zikumane mphindi zisanu zomaliza.

Pokazinga, thirani mafuta okwana sentimita imodzi mu fulayipani yaikulu, moto wapakati. Ikani timipira motalikirana. Musagwire kwa mphindi ziwiri zoyamba, kuti pansi pachite kakhungu, kenako muzitembenuza ndi supuni. Mphindi 8 mpaka 10 ndi zokwana. Mukadzaza fulayipani, mafuta amazizira, nyama imatulutsa madzi n'kuyamba kuwira m'malo mokazingika. Pa mbaula dikirani makala ayere phulusa pamwamba. Moto wa makala ongoyaka kumene umadetsa kunja basi.

Uvuni ndiye bwenzi la munthu wa makilo asanu. Pakani timafuta pa thireyi, ikani pa madigiri 200, mphindi 15 mpaka 18, kutembenuza kamodzi. Opanda uvuni amachita mmene amaphikira chigumu: sefuliya yotambasuka, makala ochepa pansi, ochulukirapo pa chivundikiro. Zimatheka, koma tsegulani kawirikawiri chifukwa kutentha kwake sikufanana ponseponse.

Chifukwa chiyani timipira tanga timaphwasuka mu fulayipani?

Kawirikawiri ndi madzi a anyezi. Anyezi wopala amatulutsa madzi ambiri, choncho mufinyeni m'kansalu koyera kapena mumukazinge kaye n'kumuziziritsa. Zidutswa zikuluzikulu za anyezi nazo zimang'amba kampira.

Chachiwiri ndi kusakaniza mosakwana. Mchere ukakandidwa ndi nyama umatulutsa ulimbo wake wa nyamayo, ndipo ndi umene umagwira zonse pamodzi. Ngati chosakaniza sichikumatirira ku zala, sichinafike. Chachitatu ndi kufulumira kutembenuza, zomwe zafotokozedwa m'yankho lapitali. Musathamangire kuonjezera mazira: dzira lachitatu limangochulukitsa madzi.

Ndidziwa bwanji kuti nyama yapsa mpaka pakati?

Tengani kampira kakakulu kuposa tonse, kadule pakati. Pasakhale pofiira kapena ponyowa ngati paiwisi, madzi otuluka akhale oyera, ndipo pakatipo pazituluka nthunzi. Amene ali ndi choyezera kutentha kwa chakudya afike madigiri 71 pa nyama ya ng'ombe kapena mbuzi, ndi 74 pa nkhuku. Yesani musanathire msuzi, chifukwa msuzi wofiira umabisa zonse.

Ena amati steki imadyedwa yofiirira pakati, nanga iyi yavuta pati? Pa nthuli yathunthu tizilombo timakhala kunja, komwe moto umafika poyamba. Pogaya, zakunja zija zimalowa m'kati monse. Nyama yogaya ilibe malo otetezeka. Iyenera kupsa yonse.

Msuzi wake umapangidwa bwanji?

Wa kilo imodzi: kapu imodzi ya tomato sosi wa m'botolo, theka la kapu ya shuga wabulauni, theka la kapu ya madzi a bwemba okhuthala (kapena masupuni aakulu atatu a viniga), masupuni aakulu awiri a soya sosi, tizidutswa titatu ta adyo, jinja pang'ono, kambuzi awiri, ndi theka la kapu ya madzi. Shuga wake ndi yemweyu wa ku Dwangwa kapena wa kuno ku Salima. Wabulauni amapereka mtundu ndi kafungo komwe woyera alibe.

Kazingani adyo, jinja ndi tsabola mu supuni imodzi ya mafuta kwa kamphindi, asade. Thirani zotsala zonse. Zikawira chepetsani moto, zibwate pang'onopang'ono mphindi 8 mpaka 10 mukutakasa. Viikani supuni, ndipo pa msana pake lembani mzere ndi chala: mzerewo ukakhala osatsekeka, msuzi wafika. Ponyani timipira takupsa, gwedezani poto kapena tembenuzani mofatsa kwa mphindi zitatu mpaka zisanu, msuzi wonse utathera pa nyama. Ukamazizira umakhuthala kuposa apo, ndiye musadikire kuti uume pamoto.

Polawa mumve zinthu zinayi: kutsekemera poyamba, kuwawasa, mchere, ndipo tsabola abwere pambuyo pake kukhosi. Chimene anthu amaiwala ndi chowawasa. Popanda icho mlendo amadya kampira kamodzi, kachiwiri kamamukola.

Zimene ndimaona pa intaneti zimafuna jamu ndi masosi omwe kuno kulibe. Ndilowetse chiyani m'malo mwake?

Simukusowa kanthu. Maphikidwe a ku America ambiri amasakaniza jamu wa mphesa ndi sosi wa tsabola wa m'botolo, koma chomwe akufuna ndi shuga, chipatso, chowawasa ndi tsabola, ndipo zonsezi zili m'misika ya pa Kamuzu Road ndi pa boma la Nkhotakota.

Bwemba ndiye woyamba, ndipo kwa ine amaposa viniga kutali. Nyikani dzanja limodzi la bwemba wosenda mu kapu ya madzi otentha kwa mphindi 20, fikisani ndi zala, sefani kuchotsa nthangala ndi mitsitsi. Amawawasa mofatsa, amadetsa msuzi bwino, komanso amaukhuthalitsa.

Mango, nyengo yake ya kumapeto kwa chaka, amalowa m'malo mwa theka la tomato sosi. Sankhani opanda ulusi wambiri, kapena sefani. Mango akupsa ndi otsekemera kale, choncho chepetsani shuga ndi theka n'kulawa. Ufa wa malambe, supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri wosungunula m'madzi, umawawasa n'kukhuthalitsa nthawi imodzi, ngakhale umachepetsa kunyezimira. Uchi umanyezimiritsa kuposa zonse koma umapserera msanga. Thirani poto atatsala pang'ono kuchoka pamoto. Jamu wamba wa m'sitolo nayenso ndi wabwino, theka la kapu m'malo mwa shuga.

Chinanazi chili ndi chenjezo lake. Chophika mu msuzi chilibe vuto. Chachiwisi, monganso papaya, chili ndi mphamvu yosungunula nyama, ndiye mukachisakaniza ndi nyama yogaya yaiwisi mudzapeza phala losaumbika.

Tsabola wabwino ndi uti, ndipo achuluke bwanji?

Kambuzi, chifukwa cha fungo lake lomwe limagwirizana ndi zipatso ndi shuga. Kapiripiri amaluma mwachindunji koma fungo n'lochepa. Nali kapena kambuzi wa m'botolo ndi wosavuta kuyeza: yambani ndi supuni yaing'ono imodzi, ndipo kumbukirani kuti wa m'botolo amabwera ndi mchere wake.

Ukali wa tsabola uli kwambiri mu kamnofu koyera kamene kamagwira njere, osati mu njere zenizenizo. Mukapala kamnofu kameneko mumatsala ndi fungo, ukali utachepa. Njira ina ndiyo kubaya kambuzi wathunthu ndi mpeni, kumuponya mu msuzi, n'kumuvuula ukali ukafika pamene mukufuna.

Pa phwando phikirani munthu wapakati, osati amalume aja odya kambuzi wosadula. Iwo aikireni kambale ka tsabola pambali. Mukatha kudula sambani ndi sopo musanagwire m'maso kapena kunyamula mwana.

Msuzi wawawa kwambiri, kapena watsekemera kwambiri. Ungakonzeke?

Tsabola akalowa satuluka. Nkhani ija yoponya mbatata ya kachewere kuti imwe ukali musaidalire. Chothandiza ndi kuchulukitsa msuzi: pangani wina theka wopanda tsabola n'kuphatikiza. Shuga pang'ono amaziziritsanso lilime. Ngati timipira talowa kale, ikani kambale ka chambiko kapena yogati wopanda shuga pambali, chifukwa mkaka umachotsa ukali pa lilime pomwe madzi amangoumwaza.

Wotsekemera kwambiri ndi wosavuta: finyirani ndimu kapena onjezerani bwemba, ndi kamchere pang'ono, n'kulawa.

Nanga ukapserera pansi, kapena ukakana kukhuthala?

Mukamva fungo lopserera chotsani poto pamoto, tsanulirani msuzi wa pamwamba mu poto wina osapala pansi, ndipo lawani. Ngati kuwawa kwa shuga wopserera kwalowa, tayani muyambenso. N'zotchipa kuposa kuwononga makilo a nyama. Poto wopyapyala pa makala oyaka kwambiri ndiye amachititsa zimenezi.

Wamadzi, vuulani timipira kaye, msuzi uwire wokha osavundikira. Ngati nthawi yatha, sungunulani supuni yaing'ono ya cornflour kapena ufa wosalala wa chinangwa m'madzi ozizira, thirani mukutakasa, uwire mphindi imodzi. Mafuta ofiira akamayandama pamwamba, ndiye kuti timipira sitinakhetsedwe titachoka mu fulayipani. Wengulani ndi supuni, ndipo ulendo wina yalani nyama pa sefa kapena pepala la m'khitchini kaye.

Ena mwa alendo ndi Asilamu, ena a Seventh Day. Ndisamale chiyani?

Ku Salima ndi ku Nkhotakota funso ili si lapadera. Ndi phwando losowa limene mulibe Msilamu. Gulani nyama kubutchala yozinga mwa halaal, ndipo ngati simukudziwa, funsani mnansi wachisilamu kumene amagula. Funsaninso za makina ogayira, chifukwa nyama ya halaal yogayidwa m'makina amene agaya nkhumba yataya kale ulemu wake. Mapoto, mafuta ndi masupuni zikhalenso zosakhudzana ndi nkhumba.

Maphikidwe ambiri akunja amasakaniza ng'ombe ndi nkhumba, ndipo ena amathira vinyo kapena kachasu wachizungu mu msuzi. Zonsezi zisiyeni; zimene zalembedwa pamwambapa sizifuna chilichonse mwa izo. A Seventh Day sadya nkhumba komanso nsomba zopanda mamba, zomwe zikukhudza funso lotsatirali. Mlendo akafunsa kuti muli chiyani, woperekera chakudya akhale wodziwa yankho.

Kodi nsomba kapena nkhuku zingalowe m'malo mwa nyama ya ng'ombe?

Inde, ndipo kunyanja kuno n'zomveka kufunsa. Kampango ali ndi mnofu wambiri wopanda timinga ting'onoting'ono, ndiye ndi wosavuta. Koma kampango ndi mlamba alibe mamba. Onani yankho lapitali. Chambo chimakoma, ntchito ili pa kuchotsa minga, ndipo muyenera kupapasa mnofu wonse ndi zala musanagaye, poti mlendo wodya ali chiimire sayembekezera munga. Nsomba ndi yofewa kale: mkaka usiyeni, buledi akhale wouma wopera, dzira limodzi pa kilo, ndipo mphindi 5 mpaka 6 mu fulayipani zakwana. Msuzi wa mango ndi ndimu umaiyenera kuposa wa bwemba. Mu poto musatakase, ingothirani msuzi pamwamba.

Ya nkhuku tengani ntchafu, osati chidale chokha chomwe chimauma.

Ndingakonzeretu dzulo lake?

Ngati firiji ilipo, inde, ndipo ndi nzeru. Phikani timipira mpaka kupsa, yalani pa thireyi kuti nthunzi ichoke msanga, ndipo tilowe m'firiji pasanathe ola limodzi kapena awiri. Msuzi usungidwe pawokha m'botolo. Tsiku la phwando wiritsani msuzi ndi timadzi pang'ono, ponyani nyama, vundikirani pa moto wochepa mphindi 10 mpaka pakati patatentha, kenako vundukulani kuti msuzi ukhuthale. Takupsa timakhala masiku atatu kapena anayi m'firiji, ndi miyezi iwiri kapena itatu mu freezer. Nyama yogaya yaiwisi isapitirire tsiku limodzi kapena awiri.

Magetsi akazima musamatsegule firiji. Yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi. Freezer yodzaza imafika masiku awiri, yatheka tsiku limodzi. Kuzima kukapitirira, samutsirani mu cooler box ndi ayezi wogula kwa ogulitsa nsomba, nyama ili m'chotengera chotseka kuti madzi a ayeziyo asaikhudze.

Opanda firiji asakonzeretu nyama. Dzulo lake sefani bwemba, phikani msuzi, sendani adyo. Nyama mugule, mugaye ndi kuphika tsiku lomwelo.

Phwando lili kunyanja ku Senga Bay. Chakudya chingakhale nthawi yaitali bwanji patebulo?

Lamulo lake ndi maola awiri kuchokera pamene chachoka pamoto. Kunja kukatentha kupitirira madigiri 32, zomwe mu Okutobala ndi Novembala kuno ndi za tsiku ndi tsiku, ndi ola limodzi lokha. Musanyengedwe ndi shuga ndi tsabola. Siziteteza nyama, ndipo nyama imene yayamba kuwonongeka sinunkha nthawi zonse.

Kuchokera m'tauni ya Salima kupita ku Senga Bay ndi pafupifupi makilomita 20, ndiye mutha kunyamula zotentha mu food warmer yotsukidwa kaye ndi madzi owira, n'kukaperekera mukangofika. Ulendo wa ku Nkhotakota pa msewu wa M5 ndi woposa makilomita 100. Pamenepo nyamulani zozizira mu ayezi, msuzi pawokha, mutenge mbaula, mukamalizire komweko monga tafotokozera m'funso lapitali.

Pamalo a phwando musatulutse zonse nthawi imodzi. Poto wamkulu akhale pa makala ochepa, wovundikira, chakudya chili pa madigiri oposa 60, ndipo muzithiramo timadzi msuzi ukayamba kugwira pansi. Mbale yopita kwa alendo ikhale yaing'ono, ikatha mutenge ina yoyera. Osathira zatsopano pamwamba pa zakale. Vundikirani chifukwa cha ntchentche, komanso mchenga mwera ukamaomba.

Ndiperekere bwanji, makamaka kwa ana ndi odwala shuga?

Mbale yosaya, timipira toyalidwa mzere umodzi osaunjika, kalikonse ndi kamtengo kake, masamba a anyezi odula kapena chitowe chokazinga pamwamba. Ikani kambale kotayamo timitengo, apo ayi mudzatitola mu udzu mawa lake. Nkhaka zodula pambali zimaziziritsa m'kamwa.

Ana aang'ono aduliridwe kampira pakati, kamtengo kachotsedwe, ndipo patulani msuzi wawo musanathire tsabola. Mwana wosakwana chaka asapatsidwe cha uchi. Odwala shuga asungireni timipira tosalowa mu msuzi, ndi ndimu ndi tsabola pambali. Auzeninso alendo kuti muli mazira, mkaka, tirigu ndi soya, chifukwa alipo amene thupi lawo limadana nazo.

Zotsala nditani nazo?

Zimene zakhala patebulo kupitirira nthawi yatchulidwa ija zitayidwe, ngakhale mtima ukuwawa. Zimene zinali mu poto wotentha ziziziritsidwe msanga n'kulowa m'firiji. Tenthetsani kamodzi kokha, mpaka nthunzi, ndi timadzi ndi matimati owonjezera, mudyere mpunga.

Ndikaphika makilo khumi, ndingochulukitsa zonse kakhumi?

Za mu nyama, inde: mchere, buledi, mkaka ndi mazira zimatsata kilo. Koma sakanizani makilo awiri awiri, otsalawo ali pozizira, chifukwa beseni la makilo khumi silisakanizika mofanana ndipo limafunda musanamalize kuumba. Pezani anthu atatu oumba ndi mmodzi wa pamoto, ndipo wa pamotoyo asamagwire yaiwisi. Mafuta okazingira akada ndi zinyenyeswa asefeni kapena asintheni.

Msuzi ndiye sutsata masamu. Tsabola yambani ndi theka la chiwerengero chanu, popeza kambuzi amasiyana ukali ngakhale a pa mulu umodzi, n'kumaonjezera mukulawa. Madzi chepetsani ndi theka, chifukwa msuzi wambiri mu poto wakuya umachedwa kuphwa ndipo pansi pamapserera pamwamba pakadali pamadzi. Sefuliya yotambasuka kapena chiwaya choyera zimathandiza. Pokutira, tengani timipira 40 kapena 50 ndi kapu imodzi ndi theka ya msuzi, malizani, tsanulirani mu poto wosungira, ndiye mutenge gulu lina. Timipira 400 mu poto mmodzi, ta pansi timaphwanyika ndi kulemera kwa ta pamwamba, ndipo mthiko ukalowamo umamaliza totsala.